Kulembanso SAT: kodi 1450 yakwana, kapena mwana abwerere m'chipinda cha mayeso?

Zaka zochepa zapitazo, mbiri imene inkachokera ku America inali yoti mayeso a SAT atha ntchito. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseketsa malo olembera mayeso, mayunivesite ambiri, ngakhale otchuka ngati Harvard ndi Yale, adalengeza kuti wofuna malo akhoza kutumiza mafomu ake popanda zotsatira za mayesowa. Anthu asanazolowere n'komwe, MIT idasintha maganizo mu Malichi 2022 n'kunena kuti ikuwafunanso. Mu 2024 anzake adatsatira mondondozana: Dartmouth ndi Yale mu Febuluwale, Brown mu Malichi, Harvard ndi Caltech mu Epulo, Stanford mu Juni. Ndiye funso lomwe linkaoneka ngati lakwiriridwa ladzukanso m'makomo ambiri. Mwana walemba kamodzi, wapeza 1380 kapena 1450. Alembenso?

Funsoli si la mabanja a ku Boston ndi Chicago okha. Mayeso omwewa amalembedwa m'maiko ambiri, ndipo achinyamata athu amene amalakalaka sukulu za kumeneko amakumana nalo. Njirayo ena adayendamo kale: William Kamkwamba wa ku Kasungu, uja adapanga magetsi ndi makina oyendera mphepo, adamaliza maphunziro ake ku Dartmouth mu 2014. Chimene chimasokoneza n'chakuti malangizo amatsutsana. Uyu akuti alembenso basi, palibe chimene ataye. Uyo akuti zakwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukawafunsitsa mupeza kuti akunena za ana osiyana ndi sukulu zosiyana, ndipo aliyense wagwira mbali imodzi ya nkhani.

Mayesowo ndi otani

SAT ndi mayeso a College Board, bungwe loima palokha lomwe lidayamba mu 1900. America ilibe mayeso amodzi a dziko lonse omalizira sekondale monga ilili MSCE kwathu. Siteti iliyonse, pena sukulu iliyonse, ili ndi silabasi yake ndi kachongedwe kake, moti giredi A ya ku sukulu ina ikhoza kukhala B kapena C kwina. Mayunivesite adafuna muyeso umodzi woikapo ana onsewa, ndipo SAT ndi umene udakhazikika.

Oyamba kulemba adali ophunzira pafupifupi 8,000, mu Juni 1926. Amene adakonza mafunso ndi Carl Brigham wa ku Princeton, potengera mayeso a nzeru amene asilikali a America ankalemba pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Brigham ankakhulupirira kuti mitundu ina ya anthu imabadwa ndi nzeru zochepa, maganizo amene adadzawakana yekha mu 1930, koma otsutsa SAT sadaiwale chiyambi chimenechi. M'zaka zomwezo za m'ma 1930, mkulu wa Harvard, James Conant, adayamba kugwiritsa ntchito mayesowa pofunafuna anyamata anzeru ochokera m'mabanja wamba, amene sadadutse m'sukulu zodula za ana a olemera, kuti awapatse sikolashipu. Okonda SAT nawo amakumbutsa mbiri iyi. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mkangano wa lero udachokera pamenepo.

Palinso mayeso ena opikisana nawo, ACT, omwe adayamba mu 1959 ku Iowa ndi mphunzitsi E. F. Lindquist. Awa malikisi ake amayambira 1 kulekeza 36, ndipo kuyambira 2025 gawo lake la sayansi ndi longosankha. Mayunivesite amalandira alionse mwa awiriwa mosakondera, choncho amene SAT yamukanika ali ndi khomo lina.

SAT ya masiku ano imalembedwa pakompyuta, mu pulogalamu yotchedwa Bluebook. Kunja kwa America izi zidayamba mu Malichi 2023, ku America komweko patatha chaka. Mafunso alipo 98, nthawi ndi maola awiri ndi mphindi 14. Gawo la kuwerenga ndi kulemba Chingerezi lili ndi mafunso 54, la masamu 44, ndipo lililonse limapatsidwa malikisi kuyambira 200 mpaka 800, n'chifukwa chake pamwamba penipeni ndi 1600. Kuyambira 2016 yankho lolakwa sadulira malikisi.

Wozolowera MSCE azindikire kusiyana kuwiri. Ku MSCE mapointi ochepa ndiye abwino, kuno ochuluka. Chachiwiri ndiye chachikulu: MSCE imabwera kamodzi pachaka, ndipo kubwereza kumadya chaka chathunthu, pena ndi kamanyazi komwe. SAT imalembedwa Loweruka m'mawa kangapo pachaka, ilibe kukhoza kapena kulephera, ndipo College Board yomwe imalangiza kulemba kosachepera kawiri. Wolembanso palibe amene amamuloza chala.

Sikelo imene imagwedera

Pepala la zotsatira limaonetsa nambala imodzi yaikulu, koma mukayang'anitsitsa pali manambala ena awiri, malire apansi ndi apamwamba. College Board imavomereza poyera kuti munthu yemweyo, wodziwa zomwezo, atalemba masiku osiyana sangapeze malikisi ofanana ndendende. Pa gawo limodzi kusiyanako kumakhala pafupifupi 30 m'mwamba kapena pansi, pa mayeso onse pafupifupi 40. Amene wapeza 1450, mphamvu zake zenizeni zili penapake pakati pa 1410 ndi 1490. Ndiye kuti iye ndi mnzake wa 1480, mayesowa sangalumbire kuti wopambana ndani.

Ganizirani sikelo yopachika pamtengo, ija amapimira chimanga mavenda. Thumba lomwelo mukalikoleka koyamba singano iima pa 49, mukalitsitsa n'kulikolekanso iloza 51, kachitatu 50. Chimanga sichinawonjezeke, sichinachepe, ndi sikelo imene ikugwedera. Wogulitsa amene waloledwa kupima katatu n'kulembetsa nambala yaikulu yokhayo apita kwawo ndi 51. Koma ngati akufuna 55, kukoleka thumba kambirimbiri sikungathandize, ayenera kuthiramo chimanga china. Kulembanso SAT osawerenga zatsopano ndi kupimanso thumba lomwe lija. Kukhoza kupindula pang'ono, makamaka ngati malamulo akulola kusunga nambala yabwino, koma sikusintha zimene zili m'thumbamo.

Pali chinthu china chimene akatswiri a chiwerengero adachiona kalekale. M'zaka za m'ma 1880, Francis Galton wa ku England adayeza misinkhu ya makolo ndi ana awo, n'kupeza kuti ana a makolo ataliatali kwambiri amakhala aatali ndithu koma osafika pa makolo awo, ndipo a makolo aafupi kwambiri amawapitirira pang'ono. Chilichonse chimene chakwera kapena chatsika mopyola, mwayi uli ndi gawo lake pamenepo, ndipo mwayi subwera kawiri motsatizana mofanana. Muyeso wotsatira umabwerera chapakati.

Pa SAT izi zikutanthauza kuti nambala imene mwana wapeza siyankha yokha funso lathu. Iyenera kuikidwa pambali pa mayeso oyeserera amene ankalemba asanapite. Tiyerekeze ana awiri, onse apeza 1420. Woyamba poyeserera ankapeza 1350, 1370, 1360. Ameneyu tsikulo lidamukomera, ndipo akabwerera osawonjezera kanthu, chiyembekezo chachikulu n'chakuti atsika. Wachiwiri ankapeza 1490 ndi 1500, koma adalemba thupi likuphwanya, atagona usiku pabasi. Uyu 1420 siyake, akabwerera ayenera kukwera. Nambala ndi imodzi, malangizo oyenera ndi osiyana. Koma kuyeserera kumene tikunena ndi kwa chilungamo: mayeso athunthu a mu Bluebook, wotchi ikuyenda, foni ili kutali. Amene amaimitsa nthawi kuti akamwe tiyi akudzinamiza yekha.

Kalembedwe ka pakompyuta kadabweretsa kachinthu kena. Gawo lililonse lili ndi mitolo iwiri ya mafunso. Mtolo woyamba ndi wosakaniza, ofewa ndi olimba omwe. Mmene mwachitira pamenepo ndi mmene kompyuta imasankhira mtolo wachiwiri: ochita bwino amapatsidwa wolimba, enawo wofewerapo, ndipo wogwera wofewawo sangafikenso pa malikisi apamwamba kwambiri ngakhale atakhoza mafunso onse otsala. Choncho mwana amene manja adamunjenjemera theka la ola loyamba, n'kudzakhazikika mochedwa, amalipira mtengo woposa mafunso amene adaphonyawo. Pa ana onse ofuna kulembanso, ameneyu ndiye ali ndi chifukwa chomveka kwambiri.

Superscore ndi Score Choice

Awa ndi malamulo awiri amene amachititsa kuti kulembanso kusakhale koopsa monga kumamvekera.

Superscore ndi pamene yunivesite itenga malikisi apamwamba a gawo lililonse, ngakhale achokere masiku osiyana, n'kuwaphatikiza. Mtsikana wina walemba mu Malichi, wapeza 720 Chingerezi ndi 680 masamu, pamodzi 1400. Wakhala miyezi yozizira akulimbana ndi masamu okhaokha, walembanso mu Okutobala, masamu akwera kufika 760 koma Chingerezi chatsikira pa 690, pamodzi 1450. Yunivesite yotsata superscore itenga 720 ya Malichi ndi 760 ya Okutobala, imulembera 1480, nambala imene sadaipezepo tsiku limodzi. MIT imachita chomwechi, ndi ena ambiri. Harvard imati siphatikiza manambalawo, koma imayang'ana malikisi apamwamba a gawo lililonse, zomwe kwa wophunzira sizisiyana kwenikweni.

Chifukwa chiyani sukulu zimakhala zachifundo chotere? Zimanena kuti zimafuna kuona mwana pa tsiku lake labwino. Ena amawonjezera kuti nazonso zimapindula, chifukwa malikisi amene zimalengeza kuti ophunzira awo adapeza amakwera, ndipo manambala amenewa amalowa m'mindandanda yosanja mayunivesite, monga wa U.S. News umene udayamba mu 1983. Zifukwa ziwirizi zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Score Choice ndi lamulo la College Board la mu 2009, lolola wophunzira kusankha masiku amene zotsatira zake zitumizidwe. Walemba katatu, tsiku limodzi zidavuta, limenelo akhoza kulisiya. Chimene sangachite ndi kudula tsiku pakati, kutumiza masamu okha n'kubisa Chingerezi cha tsiku lomwelo.

Koma si onse amalola. Georgetown, ku Washington, yakhala ikufuna kuti wofunsira malo atumize zotsatira za ulendo uliwonse umene adalemba. Kumeneko wolemba kasanu amaoneka kuti adalemba kasanu. Ndipo pali msampha wina waung'ono: College Board imapereka mwayi wotumiza zotsatira kwaulere ku sukulu zinayi, koma mwayiwo umatha patatha masiku 9 chilembereni, zotsatira zisanatuluke. Wofuna zaulere amatumiza chinthu chimene sanachione. Mwamwayi, sukulu zambiri masiku ano zimalola kuti wophunzira angolemba yekha malikisi ake pafomu, umboni adzatumize akalandiridwa. Lamulo la sukulu iliyonse lili pa tsamba lake la intaneti, ndipo limasintha, moti la chaka chatha si lodalirika chaka chino.

Malikisi "abwino" ndi angati?

Ophunzira pafupifupi 2 miliyoni a m'kalasi yomaliza sekondale amalemba SAT chaka chilichonse, ndipo amene adamaliza mu 2024 malikisi awo apakatikati adali 1024. Wopeza 1400 waposa anzake oposa 90 pa 100 alionse, wa 1500 ali m'kagulu ka awiri kapena atatu pa 100. Koma funso la wofuna Yale si lakuti waposa angati m'dziko, ndi lakuti ali pati pakati pa amene Yale imalandira.

Mayunivesite amalengeza izi m'njira imodzi yofanana, m'chikalata chotchedwa Common Data Set. Ndandalikani ophunzira 100 amene adalowa, kuyambira wa malikisi otsika kufika wa apamwamba. Chotsani 25 oyambirira ndi 25 omalizira. Malikisi a 50 otsala pakatiwo ndiwo amalengezedwa. Ku MIT m'zaka zaposachedwa, pa masamu, gulu lapakatili limayambira 780 kulekeza 800. Ku Harvard ndi anzake, pa mayeso onse, limayambira chapa 1500. Anthu ambiri amawerenga nambala yapansiyo ngati mpanda. Sichoncho: wophunzira mmodzi pa anayi alionse amene ali m'kati adalowa ndi malikisi osapitirira pamenepo. Kungoti ambiri mwa amenewa amakhala ndi china chowakankha, kaya luso la masewera, kaya mbiri ya moyo imene idagwira mtima osankha.

Manambala a zaka za mliri ndi zotsatira zake ayenera kuwerengedwa mosamala. Pamene kutumiza kudali kosakakamiza, amene adatumiza adali a malikisi okwera, enawo adangokhala chete. Zolengezedwa zidakwera, ana otsatira adaziona n'kuchita mantha, nawonso n'kubisa malikisi abwinobwino, chaka chotsatira zidakweranso.

Izi ndi zimene Dartmouth idapeza. Mkulu wake, Sian Beilock, adapempha mapulofesa anayi a pasukulupo kuti aunike mafomu a zaka zimenezo, ndipo adaona kuti ana ambiri ochokera m'mabanja osauka ndi sukulu zosatchuka adabisa malikisi a chapa 1400 poganiza kuti ndi ochepa, chonsecho osankha akadawaona akadawathandiza kulowa. Kwa osankhawo, 1400 yochokera ku sukulu imene ana ambiri amapeza 1000 imalankhula mokweza kuposa 1500 yochokera ku sukulu ya olemera kumene aliyense ali ndi mphunzitsi wapadera.

Kumtunda kwenikweni nkhani imatembenuka. Mu 2024 Harvard idalandira mafomu 54,008 n'kusankha anthu 1,937, osakwana anayi pa 100 alionse. Pa mlandu umene bungwe la Students for Fair Admissions lidasumira Harvard, womwe udazengedwa ku Boston mu 2018, zidadziwika kuti m'chaka chimodzi chokha ofunsira malo oposa 3,000 adali ndi 800 yathunthu pa masamu, oposa 2,500 pa Chingerezi, ndipo oposa 8,000 adali ndi magiredi opanda banga a kusekondale. Malo ndi osakwana 2,000. Ngakhale akadafuna, sakadatha kulandira onse okhoza mwangwiro. Choncho kuchoka pa 1540 kufika pa 1570 ndi kusuntha m'kati mwa kugwedera kwa muyeso womwe, pakati pa khwimbi la anthu ofanana nawe. Kuchoka pa 1350 kufika pa 1480 ndi kusamukira gulu lina.

Pali malo amodzi pamene malikisi 10 okha ali ndi mtengo weniweni. Mayunivesite ena, monga University of Alabama, amasindikiza tebulo la sikolashipu: wofika apa alandira zakuti, wofika apo zakuti. Amene watsala pang'ono kufika pamzere wotere sakuthamangitsa ulemu, akuthamangitsa fizi.

Amene adalembanso zidawathera bwanji

Kuyerekeza olembanso ndi osalembanso n'kovuta, chifukwa amene amabwerera kawirikawiri ndi akhama kale kapena a makolo andalama. Akatswiri atatu a zachuma, Joshua Goodman, Oded Gurantz ndi Jonathan Smith, adapeza njira yozembera vutoli pa kafukufuku amene adatuluka koyamba mu 2018. Adaona kuti mtima wa munthu umakonda manambala athunthu. Wopeza 1390 ndi wopeza 1400 ndi ofanana m'zonse, koma wa 1390 zimamuwawa, ndipo ana otere amabwerera ochuluka kuposa anzawo amene adangodutsa pamzere. Poyerekeza magulu awiriwa pakati pa ophunzira mamiliyoni, adatha kuona chimene kulembanso pakokha kumachita.

Adapeza kuti theka lokha la olemba SAT ndi limene limabwerera, ndipo ana a m'mabanja osauka amabwerera ochepa kuposa pamenepo. Kulembanso kudakweza malikisi ndithu, kudawonjezeranso mwayi wolowa yunivesite ya zaka zinayi, koma phindu lalikulu lidagwera amene adayamba ndi malikisi otsika. Adawerengera kuti ana osauka akadamabwerera mofanana ndi anzawo, mpata wa pakati pa olemera ndi osauka pa kulowa yunivesite ukadachepa ndi gawo losapitirira limodzi mwa magawo khumi. Chodabwitsa chake n'chimenecho: amene kulembanso kukadawathandiza kwambiri ndi amene salembanso, pamene wa 1530 ali kalikiliki kulembetsa kachinayi. Tikumbukire kuti kafukufukuyu adaunika mayeso akale a papepala, a nthawi imene pamwamba padali 2400.

Nanga maphunziro apadera okonzekera? Bizinesi imeneyi idayamba ndi Stanley Kaplan, amene ankaphunzitsa ana m'chipinda chapansi cha nyumba ya makolo ake ku Brooklyn kuyambira 1938. Kwa zaka zambiri College Board inkaumirira kuti SAT siyokonzekereka, mpaka mu 2015 pamene idagwirizana ndi Khan Academy kupereka maphunziro aulere pa intaneti. Mu 2017 idalengeza kuti ana amene adayeserera maola 20 adakwera ndi malikisi 115. Nambalayi ndi yokoma, koma muli kukula kwa mwana komwe kukadachitika ngakhale popanda kuyeserera, ndipo amene amapirira maola 20 ndi akhama kale. Derek Briggs wa ku University of Colorado, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2009, adapeza kuti maphunziro olipira amawonjezera malikisi pafupifupi 30. Makampani amene amalonjeza 200 satchula dzina lake kawirikawiri.

Mtengo wake

Mu 2025 kulembetsa kudali madola 68, ndipo wolembera kunja kwa America ankawonjezera madola 43. Ana osauka a ku America amapatsidwa mwayi wolemba kawiri kwaulere, mwayi umene mwana wa ku Mchinji kapena Chipata alibe. Iye ayenera kupeza khadi yolipirira madola nthawi ino ya kusowa kwa ndalama zakunja, thiransipoti yopita kumzinda kumene kuli malo olembera, pogona, ndi laputopu ya batire lolimba. College Board imabwereketsa kompyuta, koma kwa amene wapempha kusanatsale masiku 30.

Mtengo wina suoneka pa risiti. Mafomu oyambirira amatsekedwa pa 1 Novembala m'sukulu zambiri zotchuka, enawo kumayambiriro kwa Januwale, ndipo zotsatira zimatenga pafupifupi masabata awiri. Ndiye kuti Okutobala ndiye ulendo womaliza wodalirika kwa ofulumira, Disembala kwa otsalawo. Miyezi yomweyi ndi imene mwana ayenera kulemba nkhani ya moyo wake, kupempha makalata kwa aphunzitsi, kudzaza mafomu a chuma cha makolo, ndipo ambiri ochokera kunja alembenso mayeso a Chingerezi monga TOEFL kapena IELTS. Maola amene apita ku masamu a SAT achotsedwa penapake. Kwa wochokera kunja wosowa fizi palinso ichi: ndi sukulu zowerengeka zokha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, zimene zimasankha alendo osayang'ana m'thumba mwawo. Kwina konse, kupempha thandizo lalikulu kumachepetsa mwayi, ndipo malikisi amafunika kukhala olimba kuti alipirire kusowako.

Kusatumiza n'komwe, ndi zimene sizinathe

Njira yachitatu ilipobe. Bowdoin, koleji yaing'ono ya ku Maine, idasiya kukakamiza mayesowa mu 1969, University of Chicago mu 2018, ndipo Columbia idalengeza mu 2023 kuti ipitiriza choncho mpaka kalekale. Mayunivesite ambiri a ku America akadali m'gulu limeneli, lotchedwa test-optional. University of California, kuphatikizapo Berkeley ndi UCLA, idapitirira pamenepo: siyang'ana SAT kapena ACT posankha, ngakhale mutatumiza. Wofuna Berkeley yokha akalembanso wangotaya Loweruka lake.

Mbali ziwiri za mkanganowu zimatunga pachitsime chimodzi. Gulu la ofufuza la Opportunity Insights ku Harvard, lotsogozedwa ndi Raj Chetty ndi anzake, lidaonetsa mu 2023 kuti mwana wa m'banja lolemera kwambiri, la m'gulu la banja limodzi pa 100 alionse, ali ndi mwayi wopeza 1300 wochuluka maulendo 13 kuposa mwana wa m'banja losauka. Otsutsa mayeso amati taonani, akuyeza chuma cha makolo. Ofufuza a gulu lomwelo adapezanso kuti m'mayunivesite apamwambawa, malikisi a SAT amalosera bwino mmene wophunzira adzachitire m'kalasi kuposa magiredi a kusekondale. Okonda mayeso amati taonani, akuyeza chinthu chenicheni, ndipo mukawachotsa patsala nkhani zolembedwa mothandizidwa ndi alangizi olipidwa, zimene zimakondera olemera koposa.

Mafunso angapo akadali poyera. Superscore imathandiza aliyense wobwerera, koma ngati obwerera kwambiri ndi amene ali ndi ndalama, kodi chifundo chimenechi sichikukulitsa mpata womwe mayeso ankati atseka? Ena amati njira ndi kulipirira osauka kuti nawonso abwerere, ena amati aliyense aziloledwa maulendo owerengeka, ndipo palibe mbali imene yapambana.

Sizinadziwikenso ngati manambala olengezedwa atsike tsopano m'mayunivesite amene ayambanso kukakamiza aliyense kutumiza. Akatsika, ana ambiri amene lero akulembanso chifukwa cha mantha adzapezeka kuti adali kale m'kati mwa gulu. Ofufuza sanakhalenso ndi zaka zokwanira kuti aone ngati phindu la kulembanso limene lidapezeka pa mayeso a papepala likugwiranso pa mayeso afupiafupi a pakompyuta, amene amasintha malinga ndi woyankha. Ndipo chigamulo cha Khoti Lalikulu la America cha mu Juni 2023, choletsa kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira, chidasiya mayunivesite akufunafuna njira zina zodziwira mwana amene wachokera kutali. Ngati malikisi owerengedwa molingana ndi sukulu imene mwana wachokera angagwire ntchito imeneyo, mayunivesitewo sanamvane.

Kwa ife pali mafunso awiri owonjezera. Kumapeto kwa 2025 boma la America lidaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zachepetseredwa mwayi wa viza, kuphatikizapo za ophunzira, ndipo malamulo otere amasintha ndi ndale za ku Washington, pamene kukonzekera mayeso kumatenga miyezi. Lina ndi la mfundo ya Dartmouth ija. Kuwerenga 1400 molingana ndi sukulu kumatheka pamene osankha ali ndi mbiri ya sukuluyo. Akalandira fomu yochokera ku sekondale yoyendera ya ku Ntchisi imene sanaimvepo, yokhala ndi mapointi 9 a MSCE amene sadziwa kulemera kwake, kodi 1400 ija aiwerenga ngati ya mwana amene wachita zodabwitsa ndi zochepa, kapena aiika pambali pa 1550 ya mnzake wa ku sukulu yodula ya ku Nairobi kapena Seoul?